A Khembo ndi Nsalu ya Ana a Sukulu

A Khembo ankakhala kumapeto kwa mudzi wina wa kwa Mlolo, pamene njira yochokera kudooko imakhotera m'minda ya mapira. Nyumba yawo inali yaing'ono, ya bango lomata ndi dothi. Kuseri kwake kunali mtengo wa msangu, ndipo pansi pa mtengowo panali zikhomo zinayi zokhomedwa m'nthaka, zosalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri. Pamenepo ndi pamene ankawombera machila, nsalu yokhuthala ya thonje imene Amang'anja ankavala sitima zisanachuluke mu Shire.

Sanali mbadwa ya mudziwo. Anabadwira kumtunda, cha kwa Kasisi, ndipo kuwomba anaphunzira kwa malume awo adakali mnyamata. Kwa Mlolo anabwera kudzakwatira a Nabanda, n'kukhala chikamwini. Masiku amenewo mkamwini wodziwa kuwomba sankanyozeka. Anthu ankabwera ndi madengu a thonje, ena ndi nkhuku, ena ndi mchere, kudzapempha nsalu ya mkwatibwi kapena yoberekera mwana. Koma njanji itafika ku Chiromo, masitolo a Amwenye anadzaza nsalu zopepuka, zamaluwa, zouma msanga. Thonje anthu ankalimabe, mwinanso kuposa kale, koma tsopano ankalinyamula kukagulitsa, ndipo kuseri kwa a Khembo kunasiya kubwera anthu.

Anali ndi ana awiri. Wamwamuna anamutenga pa nkhondo ya Ajeremani kuti akanyamule katundu wa asilikali, ndipo sanabwerenso. Anzake amene anabwerako ankanena zosiyana, wina ati anamusiya akudwala m'mimba, wina ati anamuona ali bwinobwino pa mtsinje wina wakutali. Wamkazi anatsata mwamuna wake ku ntchito ya njanji kutsidya kwa Zambezi, ndipo uthenga wake unkabwera kamodzi pa zaka ziwiri. Kenako chimfine chachikulu cha 1918 chinatenga a Nabanda m'masiku anayi okha.

Mwambo unkalola kuti mkamwini woferedwa abwerere kwawo, ndipo a Khembo anayesa. Anayenda masiku atatu mpaka kwa Kasisi, koma anakapeza pamene panali mudzi wa amayi awo pali munda wa anthu ena. Amene anawafunsa njira sankadziwa ngakhale dzina la malume awo. Anabwerera kwa Mlolo. Abale a mkazi wawo sanawathamangitse, komanso sanawaitane. Anawasiyira kadimba ndi nyumba ija, basi. Pamaliro ankakhala nawo, pa mowa ankawapatsa chipanda, koma pokamba nkhani za pamudzi palibe ankatembenukira kwa iwo. Chilimwe chilichonse, msangu ukaphuka masamba, ankawomba nsalu imodzi, n'kuipinda, n'kuiika pa nsanja m'nyumba. Palibe ankaifuna.

M'chaka cha 1924 pasukulu ya m'mudzimo panali mphunzitsi wachinyamata, dzina lake Geresomo, wochokera kumapiri a Thyolo. Sukuluyo inali chisakasa cha udzu chimene Lamlungu chinkasanduka tchalitchi. Ana olembedwa analipo makumi atatu, koma obwera tsiku ndi tsiku sankapitirira khumi ndi awiri, chifukwa ena ankapita kukaweta mbuzi, ena kukavuula nsomba m'madambo. Geresomo analimitsa anawo kamunda ka thonje kuseri kwa sukulu kuti aphunzirirepo kubzala m'mizere ndi kuyeza. Thonjelo linabereka, koma mvula yamwadzidzidzi inaligwera litaphulika kale, ndipo linathimbirira. Ogula atangoliona anapukusa mitu. Madengu atatu anabwerera kusukulu n'kukhala pakona, makoswe akuyamba kumangamo zisa.

Tsiku lina Geresomo akuchokera kudooko anaona a Khembo atakhala pansi pa msangu, akupota ulusi ndi kamtengo kokhala ndi kadongo kumunsi, kamene akale ankati njinga. Anaima nthawi ndithu akuyang'ana, kenako anawomba m'manja n'kunjuta.

"Ambuya, thonje lothimbirira lingapotedwe?"

A Khembo sanadzutse mutu. "Thonje ndi thonje. Lothimbirira ndi la ogula."

"Ndili nalo madengu atatu kusukulu. Ndimati mwina mukanabwera kudzawaonetsa ana mmene mumachitiramu."

"Ana a ndani?"

"A m'mudzi muno."

"Makolo awo anaona ndikuwomba zaka makumi atatu. Akanafuna akanawatuma." Anazunguza njinga pantchafu, n'kuisiya ikulendewera. "Komanso kwanuko mumafuna munthu asiye mowa, asiye fodya, atenge dzina lina. Ine dzina ndili nalo kale."

"Sindikukuitanirani ku kalasi ya ubatizo, ambuya. Ndikukuitanirani ku thonje. Lachitatu masana, tikamaliza kuwerenga."

Geresomo anatsazika. Lachitatu loyamba sanabwere. Lachitatu lachiwiri anafika mpaka pa mtengo wa bwemba umene unali patsogolo pa sukulu, anaima pang'ono, n'kubwerera. Lachitatu lotsatira analowa pabwalo atanyamula njinga zisanu zimene anasema okha, ndi kauta kakang'ono kofewetsera thonje. Sanapereke moni kwa aliyense. Anapita pakona, anapisa dzanja m'dengu, ananunkhiza thonjelo n'kunena kuti, "Tulutsani padzuwa. Mwalisunga ngati zinyalala."

Sanali mphunzitsi wofatsa. Ankalankhula pang'ono, ndipo mwana akalakwitsa ankangomulanda ntchitoyo m'manja n'kuiyambanso okha. Masabata awiri oyamba ana anangochotsa njere, ndipo ena anatopa n'kuyamba kuponyerana njerezo. Atafika pa kupota, ulusi unkaduka, kapena kutuluka wonenepa apa, wowonda apo, ngati njoka yomeza mazira. A Khembo ankautenga, n'kuukoka pamaso pa mwini wake mpaka kuduka. Anyamata anawapatsa dzina loti a Dukeni, ndipo ankawatsanzira kayendedwe akatembenuka.

Komabe ana anayamba kuchuluka Lachitatu. Amene ankathawa kuwerenga ankabwera kudzaona anzawo akulimbana ndi njinga, ndipo Geresomo anaika lamulo loti wogwira thonje masana akhale amene anagwira sileti m'mawa. Iye mwini ankakhala pambali ndi choko. A Khembo akatchula chinthu, iye ankachilemba pa bolodi, ana n'kukopera: thonje, njere, uta, ulusi, chikhomo. Tsiku lina Geresomo anafunsa kuti nsalu imodzi imafuna ulusi ungati woyala m'litali.

"Sindiwerenga," anatero a Khembo. "Ndimaona ndi maso kuti wakwana."

"Mungatibwereke nsalu yanu imodzi kuti ana awerenge?"

Anabwera nayo sabata yotsatira. Ana anaiyala pa mphasa, n'kugawana, aliyense kuwerenga ulusi khumi n'kubaya kaminga. Anapeza mazana awiri ndi makumi anayi. Anawerenganso, n'kupeza chimodzimodzi. Kenako anayeza kutalika kwake ndi mikono, ndipo Geresomo anawafunsa kuti ulusi wonse pamodzi ndi mikono ingati. Masamu amenewo anawatengera masiku atatu. A Khembo atamva yankho anaseka koyamba pabwalo limenelo, kuseka kwakufupi kotulukira m'mphuno.

"Ndiye kuti manja angawa ayenda ulendo wautali ndithu, ine nditangokhala pansi."

Pakati pa anawo panali mtsikana wina, Estere, wa zaka ngati khumi ndi ziwiri, mwana wa msodzi. Kwawo ankalankhula Chisena, ndipo akamawerenga mokweza anzake ankamuseka katchulidwe, motero anazolowera kukhala kumbuyo osatsegula pakamwa. Ankabwera atabereka mlongo wake wakhanda chifukwa amayi ake ankakhala kudooko akuwamba nsomba. Ankapota ataimirira, akugwedeza mwanayo kumsana. Tsiku lina a Khembo anatenga ulusi wake n'kuukoka monga ankachitira ndi wa ena onse. Sunaduke. Anauyang'ana padzuwa, anauyendetsa pakati pa zala, n'kumubwezera.

"Pota wina," anatero.

Kuchokera tsiku limenelo ulusi wa Estere ankauika padera, kuti udzakhale woyala m'litali, umene umafunika kulimba. Sanamuuze chifukwa chake, koma ana onse anaona.

Mwezi wa Seputembala anakhoma zikhomo pansi pa bwemba n'kuyala ulusi. Anyamata anapita kuthengo kukasenda makungwa amene a Khembo anawauza, anawaphika mumphika, n'kunyikamo ulusi wina kuti nsaluyo ikhale ndi mizere yofiirira m'mbali. Itafika nthawi yowomba, a Khembo ananena kuti atsikana abwerere ku njinga zawo.

"Kuwomba ndi kwa amuna. Sindinaonepo mkazi atakhala pa zikhomo."

Geresomo anafuna kutsutsa, koma anaopa kuti mkuluyo angatole zida zake n'kumapita. Anyamata anayamba kusinthana, kupititsa ulusi wopingasa, n'kuusindikiza ndi thabwa lopyapyala. Estere ankapotera pafupi, maso ali pa manja a a Khembo. Masana ena kunatentha kwambiri, kutentha kwa kuchigwa kumene ngakhale mbuzi zimaleka kulira, ndipo anyamata onse anathawira kumtsinje. Ulusi umodzi unaduka pakati penipeni pa nsalu. A Khembo anayesa kuulumikiza, koma maso awo anali atayamba kuchita chifunga, ndipo nsonga ziwirizo zinkawapulumuka. Anayesa kachitatu. Estere anaika njinga pansi, anagwada, anatola nsongazo, n'kuzipota pamodzi ndi malovu monga anawaonera akuchitira. Atamaliza anabwerera msanga m'mbuyo ngati waba.

A Khembo anapapasa polumikizapo kwa nthawi. Kenako anasuntha pa mphasa, n'kusiya malo kumanja kwawo.

"Mwanayo mugoneke apo. Gwira thabwali ndi manja onse awiri."

"Takhuta, mbuya," anatero Estere, kuthokoza m'chilankhulo cha kwawo.

Miyezi iwiri yotsatirayo a Khembo sankadikiranso Lachitatu. Ankafika m'mawa uliwonse ana akadali m'chisakasa, n'kukhala pa zikhomo akumvetsera akuimba a, e, i, o, u. Nthawi zina ankabwera ndi mbatata zootcha, n'kuziika pambali pa mphasa osanena kuti ndi za yani. Powomba ndi Estere sankacheza zambiri. Kamodzi kokha anamuuza kuti mwana wawo wamwamuna anali wamanzere, ndipo ankasindikiza ulusi mopendekera. Estere anapitiriza kusindikiza ulusi.

Nsaluyo inatha mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri. Inali ndi malo othina ndi malo otayirira, malinga ndi dzanja limene linagwira tsikulo, koma inali nsalu. Sabata yomweyo kunabwera mzungu wa ku mishoni kudzayesa ana, monga ankachitira pakutha pa chaka. Geresomo anaitana makolo, ndipo anabwera ambiri kuposa mmene ankayembekezera. Ana anaimba, anawerenga, anachita masamu pa bolodi. Kenako anyamata awiri anatambasula nsaluyo pamaso pa anthu. Amayi achikulire anadzuka kudzaigwira, wina anaiika patsaya, ndipo anayamba kukumbutsana za machila a amayi awo.

Geresomo anali atakonza zoti mwana aliyense amene anagwira ntchitoyo atchulidwe dzina ndi chimene anachita. Anatchula amene anachotsa njere zambiri, amene anawerenga ulusi osalakwitsa, amene anapeza makungwa. Aliyense ankaimirira, anthu n'kuwomba m'manja. Pomalizira anaitana Estere, nanena kuti ulusi wonse wa m'litali anapota ndi iye, ndipo theka la nsaluyo anawomba ndi iye. Mzungu uja anamupatsa sileti yatsopano ndi singano ziwiri. Amayi ake, amene anabwera akununkha utsi wa nsomba, analulutira mpaka mawu kusasa.

A Khembo anakhala patali, pamuzu wa bwemba, pamene panalibe amuna kapena akazi. Geresomo anawaloza n'kunena kuti, "Ndipo amene anatiphunzitsa zonsezi ndi ambuya a Khembo." Anthu anatembenuka. Ena anawomba m'manja, ena anaseka pang'ono, osati monyoza, koma modabwa kumva dzinalo likutchulidwa pagulu. A Khembo sanadziwe ngati ayenera kuimirira. Anadzuka theka, n'kukhalanso. Mzungu anabwera kudzawagwira chanza, anayamikira ntchitoyo m'Chimang'anja chake chokhotakhota, n'kupempha kuti atenge nsaluyo akaionetse ku msonkhano wa aphunzitsi kumtunda. Palibe anakana. Anaipinda n'kuiika m'bokosi la katundu, ndipo madzulo omwewo inakwera bwato.

Anthu atabalalika, a Khembo anatsala akuzula zikhomo kuti mvula isaziwoletse. Geresomo anabwera kudzawathandiza.

"Chaka chamawa tidzawomba ziwiri, ambuya."

"Mukalime thonje lambiri. Ndipo musadzalisiyenso pamvula."

Mu Febuluwale, madzi atadzaza madambo, kunabwera kalata yokhala ndi pepala lolimba lolembedwa bwino, loyamikira sukuluyo chifukwa cha ntchito yamanja. Geresomo anawoloka matope mpaka kwa a Khembo kukawawerengera. Papepalapo panali dzina la sukulu, dzina la mphunzitsi, ndi dzina la Estere.

"Langa lili pati?"

Geresomo anazengereza. "Sanalilembe, ambuya. Ndinawauza, koma mwina anaiwala."

"Ndionetse la mtsikanayo."

Anawalozera. A Khembo anayandikitsa pepalalo kumaso, anayang'ana timizere timeneto nthawi yaitali, n'kulibweza.

"Akalisunge pouma," anatero.

Kalata yomweyo inali ndi nkhani inanso, imene Geresomo anainena ataimirira kale kuti azipita. A mishoni anali atamusamutsira ku sukulu yaikulu kumtunda, kuti akaphunzitse aphunzitsi ena mmene angachitire ntchito zamanja ndi ana. Anachoka madzi asanaphwe. Anawasiyira a Khembo mpeni wake wopinda, ndipo analonjeza kuti adzauza wobwera m'malo mwake za Lachitatu.

Wobwerayo anali Elias, munthu wamkulu, wakhama, wokonda nyimbo ndi dongosolo. Iye anaona kuti chimene sukuluyo inkasowa ndi makoma, ndipo masana onse anawapereka ku kuumba njerwa. Kamunda ka thonje anabzalamo chimanga. Lachitatu loyamba la chilimwe a Khembo anafika ndi zikhomo zawo paphewa. Elias anawalandira mwaulemu, anawapatsa mpando, n'kuwafotokozera kuti chaka chino nthawi palibe, mwina njerwa zikatha. A Khembo anakhala pansi pa bwemba akuonera ana akuponda dothi. Anafunsa za Estere, ndipo anawauza kuti madzi a chaka chimenecho anagwetsa nyumba yawo, banja lonse linasamukira kutsidya, cha kwa Mbenje, kumene kunalibe sukulu pafupi. Anabweranso Lachitatu lina, ndi linanso. Ana ankawapatsa moni akudutsa ndi zikombole. Ulendo wachinayi sanatenge zikhomo, ndipo pambuyo pake sanabwerenso.

Chaka chimenecho anayesa kuwomba kwawo, koma maso anali atafooka kwambiri, ndipo nsaluyo anaisiya pakati. Mphwake wa malemu mkazi wawo anawapatsa ntchito yoinga mbalame m'munda wa mapira, poti imeneyo imafuna makutu ndi mawu basi. Ankakhala pa nsanja kuyambira m'bandakucha, akukoka chingwe chomangirira zigoba za nkhono, n'kumakuwa mbalame zikatera. Njira ya kusukulu inkadutsa m'mphepete mwa mundawo, ndipo ana ena amene anapota nawo ankafuula podutsa, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi!" Poyamba a Khembo ankayesa kuti akuwanyoza, ndipo sankayankha. Atazindikira kuti akunena zoona, ankayankha ndi kufunsa kuti walankhulayo ndi ndani, chifukwa nkhope sankazionanso. Mwana akatchula dzina, iwo ankakumbukira ulusi wake. "Iwe uja wa mfundo zambiri," ankatero, mwanayo n'kuthawa akuseka.

Anawo anakula n'kusiya sukulu, ndipo obwera pambuyo pawo sankawadziwa. Mwana wawo wamkazi anatumiza uthenga kuti adzabwera kudzawatenga mvula ikatha, koma mvula ziwiri zinatha asanafike. A Khembo anamwalira mu 1928, m'mwezi wa Malichi, atadwala chifuwa masiku ochepa. Anawapeza ndi mayi wina woyandikana nawo amene anadabwa kuti papita masiku awiri utsi osatuluka m'nyumbamo. Abale a mkazi wawo anawaika mwaulemu pafupi ndi a Nabanda, ndipo Elias anatseka sukulu tsiku limenelo ngakhale malemuwo sanali a mpingo. Shire anali atasefukira, mabwato sankawoloka, motero uthenga unafika kwa Mbenje patapita masabata atatu. Estere anali atakwatiwa chaka chomwecho. Anaumva kwa wogula nsomba, amene anautchula pakati pa nkhani zina, ndipo anamufunsa kawiri kuti atsimikize dzinalo. Madzi ataphwa anapempha mwamuna wake kuti amuwolotse, anakafika kumanda, n'kubwerera tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.